Madisiku Ochokera ku Mangalande

Nyumba yanga yometera ku Mpadue, dera lina la mzinda wa Tete, ndinaitsegula nditatopa ndi ganyu wonyamula simenti. Chinali chipinda chimodzi cha malata, mipando iwiri, benchi la odikira, ndi galasi lalikulu lomwe ndinagula kwa munthu wina amene ankasamukira ku Beira. Patatha chaka ndinaonjezera televizau yaing'ono ndi makina oonetsera madisiku. Ku Tete munthu sangakhale pa benchi pansi pa malata nthawi yotentha popanda chomuiwalitsa thukuta. Akangodikira pang'ono amanyamuka kukameta kwina. Akanema amene anthu ankafuna ankadziwika: a nkhonya, a mfuti, a magalimoto ogubuduzika n'kuyaka moto. Mawu analibe nawo ntchito. Makina ometera akamalira m'khutu palibe ankamva zolankhulidwa, ndipo palibe ankadandaula.

Chingerezi chimene ndinali nacho ndinachitenga ku Malawi. Tinathawira kumeneko nthawi ya nkhondo ndili mwana, kuchokera ku Angónia, ndipo ndinaphunzira mpaka sitandade seveni. Mtendere utabwera tinabwerera, koma bambo sanafune za kumunda, anatibweretsa mumzinda. Chipwitikizi ndinachitolera mumsewu, Chinyungwe ndinachidziwa bwino nditakwatira. Chingerezi chinangokhala m'mutu chosagwira ntchito, kupatula woyendetsa lole wa ku Zimbabwe akasochera n'kufunsa njira ya ku mlatho.

Kutsidya kwa msewu, moyang'anizana ndi khomo langa, mayi wina wa ku Malawi ankagulitsa zovala za kalamidade, zimene iwo ankazitchula kaunjika. Kwawo kunali ku Thyolo. Anabwera ku Tete ndi amuna awo, amunawo anamwalira, iwo anatsala ndi malonda. Anali a msinkhu wa mayi anga, choncho ndinkawatchula amayi, iwo n'kumanditchula achimwene ngakhale ndinali mwana kwa iwo. Anali ndi mwana mmodzi wamkazi amene anapita ku Mangalande. Mpadue yense ankadziwa zimenezi chifukwa cha chithunzi chimene ankasunga m'kachikwama ka m'chiuno: mtsikana wovala jasi lofiira, ataima patsogolo pa nyumba yaikulu ya njerwa, maluwa uku ndi uku. Wogula akangotchula za ana, chithunzi chinkatuluka.

Kwa ine ankalankhula zina. Masana malonda akazizira ankabwera kudzakhala pa benchi langa kuthawa dzuwa, n'kuyamba kudandaula. Mwanayo anali atatha zaka zisanu osabwera. Pa telefoni ankalankhula mothamanga, akuti watopa, kapena basi imusiya. Amayiwo ankafuna kuti mwanayo atengere ku Mangalande mwana wa mchemwali wawo, amene anamaliza sukulu ku Thyolo n'kumangokhala pakhomo, koma iye ankangoyankha kuti tiona.

"Wakhuta," ankatero amayiwo. "Munthu akakhuta amaiwala kuti anzake sanadye."

Tsiku lina anabwera atanyamula phukusi limene woyendetsa lole wina anawatengera ku Blantyre. Munali juzi, mankhwala opaka m'mawondo, ndi kachikwama kakuda ka zipi kodzaza madisiku. Munalinso kakalata. Anandipatsa kuti ndiwerenge chifukwa magalasi anaiwala kunyumba. Kanalembedwa m'Chichewa: "Amayi, mumandifunsa kuti kuno kuli bwanji ndipo ine ndimalephera kufotokoza. Akanemawa ndagula m'sitolo ya zinthu zakale. Mupeze munthu wodziwa Chingerezi muonere naye."

"Wodziwa Chingerezi ndinu," anatero. "Makina mulinso nawo."

Ndinalakwitsa poika disiku yoyamba pa Sabadu, Loweruka, masana, benchi litadzaza. Kanema anayamba ndi bambo wa mimba yaikulu ali m'khitchini yopapatiza, akudikira madzi awire. Anayang'ana pawindo. Kunja kunkagwa mvula. Madzi atawira anathira m'kapu, anakhala pansi, anamwa. Kenako kunalowa mkazi, anavula nsapato, osapatsana moni. Panapita nthawi ndithu palibe wamenya mnzake. Munthu wina woyendetsa shapa, minibasi ya kuno, amene ndinkamumeta sabata iliyonse, anatembenuka pampando makina ali pamutu.

"Mwa awiriwa, afe ndani?"

"Sindikudziwa."

"Nanga mfuti ili ndi ndani?"

Anthu anaseka. Wina anati disikuyo ndi ya kuchipatala, yophunzitsa odwala kumwa tiyi. Ndinaichotsa n'kuika ya nkhonya. Amayi aja sanaseke. Anadikira mpaka anthu atachepa, ndipo tinagwirizana kuti tizionera pa Domingu, kinze ora, 3 koloko masana, iwo atabwerako kutchalitchi, ine nditatseka.

Vuto loyamba linali langa. Chingerezi cha m'akanema amenewa sichinali chimene ndinaphunzira kusukulu. Anthu ake ankameza mawu, ankalankhula atayang'ana kukhoma, ena chakudya chili m'kamwa. Mawuwo sanajambulidwenso bwino. Akakhala panja mphepo inkamveka kuposa anthu. Akalowa m'nyumba ankanong'ona mpaka ndinkakweza televizau kufika kumapeto, kenako wina akamenyetsa chitseko tonse awiri tinkadzidzimuka. Domingu loyamba ndinanama kwambiri. Amayi akafunsa kuti wati chiyani, ndinkayang'ana nkhope ya wolankhulayo n'kupeka zoyenerana nayo. Ndinawauza kuti mwamuna uja akupepesa chifukwa cha chibwenzi. M'kati mwa sabata ndinapeza pa komandu, rimoti ya makinawo, pokanikiza kuti mawu azilembedwa pansi, ndipo nditabwereza kanemayo ndekha ndinaona kuti munalibe chibwenzi. Ankakangana za amene anaiwala kugula mkaka, koma chenicheni chinali choti mwamunayo ntchito inamuthera ndipo mkazi yekha ndi amene ankatuluka m'mawa. Ndinawauza amayi kuti ndinalakwitsa. Anati palibe kanthu, iwonso anaona kuti nkhope ya mkaziyo sinali ya munthu wolandidwa mwamuna.

Iwo ankaonera ndi maso a malonda awo. Ine ndikulimbana ndi mawu, iwo ali pa zovala.

"Juzi ilo ndinagulitsapo lofanana nalo. Onani m'zigongono, latambasuka. Kolala ya malaya awo yatha, akanaitembenuza."

Anaona kuti munthu ankavala juzi limodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo anati anthu awa sanagulidwe zovala za kanema, anabwera ndi zakwawo. Zimenezi zinawasangalatsa. Zinawadabwitsanso, chifukwa iwo ankaganiza kuti zimene zimabwera m'mabelo ndi zimene azungu onse anasiya kuvala kalekale. Nkhope nazo zinali za anthu wamba. Mano okhota, ena oguluka, akazi onenepa osadzola kanthu, amuna a dazi amene ine ndikanawameta mosavuta. M'akanema a mfuti ngakhale wosauka amakhala wokongola ndipo mano ake amawala. Muno wosauka ankaoneka ngati munthu amene sanagone bwino.

Kanema amene anandigwira ine anali wa abale awiri aamuna. Mayi awo anamwalira, ndipo ankayenera kutulutsa katundu m'nyumba ya lendi sabata isanathe. Wamkulu ndi amene anawadwazika, wamng'ono ankakhala kutali. Kanema yense anali m'zipinda zitatu ndi pakhonde. Anakangana za chitofu, anakangana za wotchi ya pakhoma yosayenda. Palibe amene anatchula chimene chinkamupweteka. Panalibenso nyimbo yokuuza kuti apa ulire. Pena wamng'onoyo anatsegula kabati n'kupeza mankhwala a mayi ake osatha, anangowagwira m'manja, ndipo wojambula anamusiya choncho nthawi yaitali, firiji ikulira kumbuyo. Ine ndinakumbukira bambo anga atamwalira kudera la Filipe Samuel Magaia, mmene ine ndi mkulu wanga tinakanganirana njinga yopanda tcheni, yoti aliyense wa ife sakanaikwera, mpaka tinatha miyezi osalankhulana. Zimenezo ndinali ndisanazionepo pa televizau. Ndinasiya kumasulira osadziwa, mpaka amayi anandigwedeza phewa.

Koma kuchepa kwa ndalama kunkaoneka, ndipo nthawi zina kunkaononga. Zochitika m'chipinda chozimitsa nyale zinkada bii, moti tinkangoona nkhope zathu pagalasi la televizau, ngakhale nditatchinga khomo ndi nsalu yofunditsa ometedwa. Ena mwa ochita sewerowo ankaoneka kuti anangowatenga pamsewu. Wina ankachita bwino kuposa akatswiri, wina ankalankhula ngati mwana wowerenga pa bolodi, maso akuthawira kwa wojambula. Galimoto imodzi yomweyo inkadutsa kawiri mumsewu umodzi. M'kanema wa abale uja, pamaliro, amayi anawerama n'kuyamba kuloza ndi chala.

"Achimwene, kumaliroku kuli anthu asanu ndi awiri. Ndi mmene amaikirana, kapena opanga kanema analibe chowapatsa anthu ambiri?"

"Ndikuganiza kuti ndi kusowa ndalama."

"Mukuganiza kapena mukudziwa?"

"Ndikuganiza."

Sanakhutire, koma anasiya.

Chimene chinkawakwiyitsa kwambiri chinali mathero. Kanema wa abaleyo anathera pamene wamkulu wakhala m'galimoto, wamng'ono waima panja atagwira wotchi ija. Chithunzi chinada. Ndinaganiza kuti disiku yakalika. Ndinaitulutsa, ndinaipumira mpweya, ndinaipukuta ndi malaya, ndinabwereza. Inatheranso pomwepo, mayina n'kuyamba kukwera.

"Nanga agwirizana?"

"Sananene."

"Ndiye atiitaniranji?"

Akanema ambiri m'kachikwamako ankatha choncho. Ena, ndikaganiza bwino, kutha kotero kunkawayenera, chifukwa nkhani ngati zimenezo sizitha tsiku limodzi. Koma ena ankangooneka kuti wopangayo sanadziwe kopita. Panalinso ena amene ankaunjika mavuto ngati zovala pa mphasa: bambo ndi chidakwa, mayi akudwala, mwana wagwidwa ndi apolisi, galu wafa, ndipo mvula sikuleka. Mkazi wanga anabwera Domingu lina kudzaona chimene chinkandichedwetsa. Anakhala pang'ono n'kuimirira.

"Mavuto ndili nawo anga kunyumba," anatero. "Sindingawotchedwe ndi malata kuti ndione a azungu."

Tinali titaonera mwina asanu ndi atatu pamene tinafika pa kanema wa mayi wosesa pasukulu, amene ankasamalira bambo ake okalamba, oti nzeru zinayamba kuwathawa. Ankawasambitsa, ankawabisira makiyi kuti asatuluke, iwo n'kumamufunsa kuti ndiwe yani. Atalephera, anakawasiya kunyumba yosungira okalamba. Kumeneko, mayiyo akulankhula ndi mkulu wa pamalopo, kumbuyo kwawo kunadutsa mkazi wakuda wovala yunifolomu yabuluu, akukankha kangolo ka mbale. Anaima pa nkhalamba ina, anaipukuta pakamwa, anaikonzera pilo, ananena mawu awiri, n'kupitirira.

"Bwezani," anatero amayi.

Ndinabweza.

"Bwezaninso."

Tinaona kachigawo kameneko katatu. Sikanali kotalika kuposa nthawi yomangira chingwe cha nsapato. Kachitatu anandiuza kuti ndiimitse, ndipo anayandikira televizau.

"Wati chiyani?"

"Wati, mwatha, agogo."

"Onani nsapato zake. Zadyekera mbali imodzi. Ameneyu amaima tsiku lonse." Anabwerera pa benchi. "Mwana wanga amati amagwira ntchito kuchipatala. Ndi chipatala chimenechi?"

Ndinati sindikudziwa. Anamanga chitenje chawo bwino n'kunena kuti kotsalako ndionere ndekha, adzamva mawa. Mawa lake sanafunse.

Domingu lotsatira anabwera, koma sanafune kanema. Anati kunyumba kwawo ku Nhartanda telefoni imadukaduka, ndiye aimbire pano. Ndinafuna kutuluka koma anandikaniza ndi dzanja. Ndinangokhala ndikupukuta malumo. Ndinamva mbali yawo yokha. Sanatchule za mwana wa mchemwali wawo. Anafunsa kuti ukaweruka umadya chiyani, amakuphikira ndani, miyendo situpa. Kenako anafunsa, "Anthu amene umawasamalirawo, umawasambitsanso?" Anamvetsera nthawi yaitali. Pomaliza anati, "Chabwino. Usaope, si zamanyazi. Agogo ako ndinawasambitsa ndine."

Ndinaganiza kuti zatha bwino, ndipo ndinadziona ngati ndathandiza. Koma masabata otsatira zinapita kwina. Amayi anayamba kukhulupirira chilichonse cha m'akanemamo ngati kalata yochokera kwa mwana wawo. Tikaona munthu akudya yekha ataimirira, ndiye kuti mwana wawo amadya choncho. Tikaona anyamata oledzera akutukwana munthu pa siteji ya basi, ankagwira pamtima. Ankafunsa ngati dziko limenelo dzuwa limatuluka, ngati kuli munthu amene amaseka. Ndinayesa kuwauza kuti kanema ndi kanema, wopanga amasankha chojambula. Anandiyankha kuti, "Nanga zovala zija si zenizeni? Mano aja si enieni?" Chimene chinapangitsa kuti tiwakhulupirire akanemawo ndi chomwecho chimene chinkandilepheretsa kuwauza pamene akokomeza. Inenso sindinkadziwa pamene akokomeza. Kumeneko sindinafikeko.

Anayamba kuimba sabata iliyonse kumuuza mwanayo kuti abwere, asiye zonse, adzagulitse nawo kaunjika. Anachepa thupi. Chithunzi chija chinasiya kutuluka m'kachikwama. Ine ndinayamba kuonera madisiku otsalawo ndekha m'kati mwa sabata, masana kukakhala kopanda anthu, kuti ndidziwiretu zili m'katimo. Imodzi inali ya mtsikana wochokera kudziko lina amene anadwala m'chipinda chake cha lendi, n'kupezeka atamwalira patapita masiku. Imeneyo ndinaichotsa m'kachikwama n'kuibisa kuseri kwa galasi. Amayi anaona malo opanda kanthu ndipo anafunsa. Ndinati inali yosweka. Anandiyang'ana, n'kutseka zipi ya kachikwamako.

Mwanayo anabwera chaka chotsatira, nthawi yozizira. Anatsikira ku Blantyre, anadzera pa malire a ku Zóbuè, anafika pa shapa ngati wina aliyense. Tsiku lachitatu analowa m'nyumba yanga yometera ali yekha. Sanali mtsikana wa pa chithunzi uja. Anali mayi wathupi, woseka msanga, wamaso otopa. Anandipatsa moni wa manja awiri.

"Ndinu achimwene omasulira?"

"Ndine."

"Mwandipezetsa mavuto," anatero akuseka, n'kukhala pa benchi. "Telefoni sabata iliyonse. Bwera, bwera, ufera kumeneko."

Ndinati madisiku anatumiza ndi iye, ine ndinangokanikiza komandu. Anavomera. Ndinamufunsa chifukwa chake anasankha amenewo, osati ena osangalatsa.

"Chifukwa cha chithunzi chija. Nyumba ija si yanga, ndi kumene ndimagwira ntchito. Jasi lija ndinabwereka. Ndinatumiza ndili wongofika kumene, ndinkafuna amayi asadandaule. Kenako chithunzicho chinayamba kundilamulira. Aliyense akufuna ndimutenge, aliyense akuti ndakhuta. Pakamwa ndinkalephera kubweza. Ndinati akaona okha makhitchini aja achepetsa pang'ono. Koma achepetsa mopitirira."

Ndinali ndi mafunso amene ndinasunga chaka chonse. Ndinayamba ndi la maliro a anthu asanu ndi awiri.

"Zimachitika," anatero. "Ine ndinapitako ku maliro a agogo ena amene ndinkawasamalira. Tinalipo anayi, awiri tinali antchito. Koma ndinapitanso ku ena kumene tchalitchi chinadzaza mpaka panja. Zonse ziliko."

"Nanga mvula?"

"Mvula ndi yoona. Makhitchini ndi oona, kuzizira n'koona, kudikira basi kuli mdima n'koona. Mmene amakanganirana osatchula nkhani yeniyeni, ndi momwemo ndithu. Koma achimwene, kulinso miyezi imene dzuwa limachedwa kulowa, anthu amagona pa udzu malaya atavula. Pa Sande timakumana kutchalitchi, a ku Malawi, a ku Zimbabwe, a ku Zambia, timaphika, timavina mpaka mawondo kuwawa. Pafupi ndi ine pamakhala agogo ena achizungu amene amandisungira makiyi ndi kundipatsa tomato wa m'kadimba kawo. Amaseka kwambiri, mano alibe. Zimenezo m'akanemamu simuzipeza kawirikawiri. Mwina opanga ake amaona ngati munthu wosauka akaseka kanema sakoma."

Ndinamuuza za mkazi wa yunifolomu yabuluu uja, mmene amayi ake anandibwezetsera katatu. Anasiya kuseka.

"Ndikumukumbukira. Kanema ameneyo ndinamuika dala chifukwa cha iye. M'sitolomo ndinafunafuna kanema woti nkhani yake ikhale ya munthu ngati ine. Mwina alipo, koma ine sindinamupeze. Ife timangodutsa kumbuyo ndi kangolo. Sakufunsa kuti mkazi ameneyu akaweruka amapita kuti, kwawo anasiya ndani. Ndiye ndinati bola amayi amuone akudutsa."

Ndinatenga disiku ija kuseri kwa galasi n'kumupatsa. Inali itachita fumbi ndi titsitsi. Ndinamuuza kuti imeneyi sindinawaonetse, ndipo ndinanama kuti inasweka. Anawerenga zolembedwa pamwamba pake.

"Iyi sindinaionere n'komwe. Ndinangoitenga chifukwa inali pa mulu womwewo. Ili ndi chiyani?"

Ndinamufotokozera mwachidule. Anaitembenuza m'manja kangapo.

"Mwachita bwino," anatero, n'kuiponya m'chikwama chake.

Anakhala masabata atatu. Masiku ambiri ankakhala ndi mayi ake pa mphasa ya zovala, akuitanira ogula m'Chipwitikizi chothyokathyoka, anthu n'kumaseka. Tsiku lina anakangana kuyambira m'mawa mpaka masana, ndipo ndinkawamva ndili kuno ngakhale makina akulira. Amayi ankati asabwerere. Iye ankati abwerera, ntchito ndi yake, anaizolowera, ndipo pali agogo ena kumeneko amene sadya akapanda kumuona. Amayi anati nanga ine si agogo. Kenako ndinawaona akupinda mabulangete limodzi, wina nsonga iyi wina iyo.

Domingu lomaliza anabwera onse awiri. Mwanayo anasankha yekha disiku ina imene tinali tisanaione, ya amayi atatu ogwira ntchito m'khitchini ya pasukulu amene anabwereka galimoto kupita kunyanja tsiku limodzi. Galimoto inawafera panjira, mvula inagwa, anadyera m'galimoto momwemo. Munali zoseketsa zambiri zimene ine ndikanazidumpha, chifukwa zinali m'kalankhulidwe, osati m'mawu olembedwa pansi. Iye ankamasulira akuseka, akutsanzira mawu a aliyense, nthawi zina n'kuimitsa kuti afotokoze kuti chakudya icho n'chiyani, chimakoma bwanji, ndani kuntchito kwake amalankhula ngati mayi wonenepayo. Ndinaona kuti chaka chonse ndinkamasulira mawu okha. N'kutheka kuti ngakhale m'akanema amene tinawaona ngati a chisoni chokhachokha munali nthabwala zimene zinandidutsa, ndipo amayi sanazimve chifukwa cha ine. Tsiku limenelo anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. Kanemayo nayenso anangoduka, amayi atatu aja akukankha galimoto, koma sanadandaule kwambiri. Anangoti, "Afika, asafika, zawo."

Mwanayo anabwerera Lachitatu lake. Amayi anapitiriza malonda zaka zina ziwiri. Ankaimbabe pa Domingu, koma za bwera bwera zinachepa. Mwana wa mchemwali wawo uja anakwatiwa ku Thyolo komweko, nkhani yomutenga inafera pomwepo. Mawondo atawavuta kwambiri anagulitsa mabelo otsala kwa mnzawo, ananditsanzika, n'kubwerera kwawo. Pamalo pawo tsopano pali munthu wogulitsa zikuto za matelefoni. Woyendetsa lole amene ankawatengera maphukusi amameta kwa ine akadutsa ku Tete. Ulendo wathawu anandiuza kuti anawaona, akuyenda ndi ndodo, akuweta nkhuku, ndipo mwana wawo wabwerako kawiri.